Tsamba Limodzi, Mphindi Imodzi

Lachinayi lililonse ndikaweruka ku banki
ndimakwera sitima ya ku Andheri,
chigongono cha munthu chili m'nthiti mwanga,
masamba khumi ndi awiri nditawakulunga m'pulasitiki
kuopa mvula ya mu Julaye,
imene kuno ku Mumbai siodira pakhomo.

Kalasi yathu ili pamwamba pa shopu ya matayala.
Tilipo asanu ndi anayi, fani imodzi yolira ngati ikudwala,
ndi Bambo Daruwala, amene dzina lawo
linaonekapo kumapeto kwa mafilimu atatu,
pa nthawi ija anthu amakhala atadzuka kale m'mipando
kukanganirana khomo.

Tsamba limodzi ndi mphindi imodzi, amatero.
Usamabe mphindi za anthu, Mrunal. Analipira polowa.

Ine ndinalemba za mkazi wamasiye.
Ndinam'patsa mawu odzaza masamba atatu,
ataima pawindo, akuuza mdima
kuti mtima wake wasanduka chitsime chouma.
Polemba ndinalira ndekha,
n'kumati apa pokha ndalasa.

Cholembera chofiira chinadutsamo ngati lumo.
Chitsimecho ndikachijambule kuti? anafunsa.
Kamera siona za mumtima.
Manja ake akutani?
Akufuna chiyani lero, dzuwa lisanalowe,
ndipo wamuimira panjira ndani?

Milungu iwiri sindinagwire pepala.
Ndinkangowerenga ndalama za eni ake,
kudinda, kusaina, wotsatira bwerani.

Loweruka lina amayi anati ndiwaperekeze kumsika wa ku Dadar.
Atagula anyezi ndi tsabola
anaima pa kakauntala ka mnyamata wogulitsa mayunitsi,
n'kutchula nambala pamtima, osayang'ana pena paliponse.
Ndinaizindikira asanafike pakati.
Bambo anga anatisiya zaka zinayi zapitazo.
Foni yawo ili m'dirowa, pansi pa malisiti a magetsi,
galasi lake long'aluka pakona.

Ya masiku onse ija, mayi? anatero mnyamata.
Amayi anangogwedeza mutu,
nawerenga chenji kawiri.
Ukaisiya osathiramo, a kampani amapatsa wina,
anatero, maso ali pa tomato wa munthu wapafupi.
Tanyamula anyeziyu, akundilemera.

Usiku womwewo ndinakhala pakhonde la bafa,
poti m'pokhapo babu silidzutsa munthu.

PANJA. MSIKA. MASANA.
Mkazi atchula nambala. Alipira. Awerenga chenji.

Windo ndinalichotsa. Mdima ndinauchotsa.
Chitsime ndinachikwirira osachilirira.
Panatsala theka la tsamba,
masekondi makumi atatu,
ndi kamtima kondiuza kuti ndaba m'nyumba mwathu momwe.

Bambo Daruwala anawerenga ataimirira,
cholembera chili kukamwa, chivindikiro osachotsa.
Pansi wina ankamenya tayala ndi nyundo.
Sananene kuti zili bwino; mawu amenewo alibe.
Anangoti: Nanga tsiku limene foniyo idzalire,
adzayankha ndani?

Funso limenelo ndinakwera nalo sitima,
ndinatsika nalo, ndinawoloka nalo madzi ofika m'mawondo.

Kunyumba ndinapeza amayi akusita sari yamawa.
Kodi umalemba chiyani usiku wonse, iwe?
Za anthu ena ake, ndinayankha.
Anatembenuza nsalu, nawaza madzi ndi zala.
Anthuwo uziwapatsako nthawi yogona, anatero.

Dirowa ija inali yotseguka pang'ono,
chingwe cha tchaja chikutulukira m'mbali.
Ndinaona. Sindinafunse.
Ndinangosunga m'mutu kuti chingwecho n'choyera,
ndipo penapake anachimanga ndi tepi yakuda.