Mzere Womaliza pa Fomu

Atikhazika pa njerwa zosanjikiza,
nkhungu ya m'phiri la Dedza isanachoke pa malata.
Akuti lero fosholo sigwiridwa,
chipande chigone m'chikwama
mpaka aliyense atamva mwambo wa pano.

Ine, wa zaka makumi awiri pa nsanja?
Ndamanga magolosale ku Linthipe, sukulu ku Bembeke,
dzuwa likundiwotcha paliwombo,
ndiye lero kamtsikana ka jekete yowala
kandiphunzitse kuponda makwerero?

Akuti ndi Nangondo. Sakweza mawu.
Waika dzungu pansi, wakwera masitepe asanu,
wataya theka la njerwa.
Nthanga zafika pa nsapato zanga.
Anyamata aseka.
Dzungu lachiwiri waliveka chisoti;
njerwa yanjanja, yakagwera mumchenga.
Wina watsokomola.

Lamba amangidwa chonchi, osati ngati wa buluku.
Waya wosendeka usamulumphe, kanene.
Dzenje likapitirira m'chiuno
usalowemo lopanda matabwa m'mbali.
Mnzako akabwera atalawa, kanenenso;
si miseche imeneyo, akutero,
ndi kumusungira ana.

Ndikuwerengera mumtima mizere ya njerwa
imene ndikanayala pofika pano.

Kenaka mapepala. Dzina, mudzi, zaka.
Pansi penipeni pali kamzere:
munthu woti tidzamuimbire.

Bolopeni yandilemera.

Ku Lizulu, chaka cha mvula yosakata chija,
Zakeyu Mlangeni anaponda thabwa lonyowa.
Kunalibe pepala.
Tinapisa m'matumba mwake:
machesi, chingwe choongolera khoma, chitsulo cha misomali itatu yopindika.
Ndine ndinayenda wapansi, kufunsa khomo ndi khomo,
mpaka ndinapeza mkazi wake akukumba kachewere.
Anapukuta manja pa chitenje,
anandilonjera akumwetulira,
n'kutuma mwana akanditengere mpando.

Mpando umenewo sindinaukhale.
Mpaka lero miyendo yanga ikadali chiimire pabwalo lija.

Ndalemba dzina lako, Esinati.
Nambala ndaiwerenga kawiri, kuopa kuphonya,
ndipo ndapempha chamumtima
kuti pepalali lidyedwe ndi chiswe mu ofesi
wina asanalifune.

Chisoti chandikulira, chikununkha pulasitiki.
Nangondo wabwera, wapotoza kakumbuyo,
wafunsa: chagwira, bambo?
Ndakoka kachingwe ka pachibwano mpaka kandiluma.

Kapitawo akuyang'ana wotchi.
Ayang'ane.
Ine ndiyamba ndagwedeza thabwa lililonse.