Chikwangwani cha pa Mjigo

Ndimatsika basi ku Chinika dzuwa lisanatuluke,
fungo la shuga wopserera limandichingamira pachipata
ngati galu wodziwa mwini wake.
Zaka zisanu ndi ziwiri ndakulunga chokoleti m'mapepala agolide.
Zala zanga zimapinda zokha ngakhale nditatsinzina.
Kulawa ayi. Kamera ili pamwamba pa lamba,
ndipo poweruka alonda amatipapasa m'matumba.

Lachisanu lija anatiuza tivale masikipa atsopano,
ofiira, olembedwa kumsana kuti Timasamala Anthu.
Anatikweza lole kupita ku Kanyama, kwathu komwe,
kumene ndinachoka m'mawa womwewo ndikudumpha zithaphwi.
Ndinafika pakhomo panga ngati mlendo.

Tenti yoyera, mipando yapulasitiki, zokuzira mawu.
A Njobvu a ku ofesi anavala majombo atsopano,
kapepala ka mtengo kakulendewerabe kuchidendene.
Anati kampani ndi mwana wa komboni ino.
Anatchula mwambi wa mutu umodzi ndi denga,
anaupotoza pang'ono, tinaombabe m'manja.

Wojambula anasankha mwana wanga Zelipa
chifukwa cha mpata wa mano ake akutsogolo.
Anamuimika pa mjigo, namupatsa chokoleti chachikulu.
Mwetulira! Bwerezanso! Yang'ana kuno!
Chinasungunukira m'manja asanamalize kujambula.
Ndinachizindikira: kapindidwe ka pangodya kanali kanga.

Sindinama, madzi anatuluka.
Ozizira, oyera, opanda fungo la chimbudzi cha aneba.
Dzinja limenelo kolera anadutsa mzere wathu osagogoda.
Enelesi, amene anaika m'manda ana awiri chaka cha mvula yaikulu,
anagwada, nasukusula, osanena kanthu.
Zimenezo sindingazifufute ngakhale nditakwiya chotani.

Koma Lolemba tinabwerera ku lamba.
Ndinasainanso kontirakiti ya miyezi itatu,
ndinasiya kuwerenga kuti ndi kachingati.
Mlongo wanga Lufeyo amadula nzimbe ku Mazabuka,
masamba amamucheka mikono ngati malezala.
Shuga wake amandipeza m'matumba osokedwa pakamwa,
ndiyo kalata yokhayo imene amanditumizira.
Koko amachokera kutali, kumaiko amene sindidzawaona.
Pa thumba lake pali chidindo cha dzanja lobiriwira,
akuti chimatanthauza kuti palibe mwana anagwira chikwanje.
Ndimachisisita ndi chala ndikamadutsa mosungira katundu.
Ndimafuna kukhulupirira.
Ndine mayi.

Mjigo unathyoka mu Okutobala, kukutentha koopsa.
Kachitsulo kakang'ono, mtengo wake makatoni awiri a maswiti.
Tinalemba kalata. A Njobvu anali atasamutsidwa.
Wolowa m'malo mwawo anati chaka chino ndi cha mitengo,
akabzala mbande zana ku Matero, masikipa adzakhala obiriwira.
Tinasonkha tokha, makwacha asanuasanu pakhomo,
Enelesi akuyenda ndi kope ndi kambale,
ena akutseka zitseko akamva mapazi ake,
mpaka mmisiri wa ku Soweto anabwera ndi sipanala yake
natilipiritsa ngakhale basi imene anakwera.

Chikwangwani chokha ndicho sichinathyokepo.
Zelipa akumwetulirabe pamenepo, wamkulu kuposa chitseko,
dzuwa lamuyeretsa masaya, mvula yadya theka la dzina la kampani.
Mano aja anamera kalekale. Limodzi labooka,
kukiliniki akuti tibwere Lachinayi ndi ndalama.

Madzulo amakatunga madzi pansi pa chithunzi chake.
Anzake amamuseka, Bwana wa mjigo wafika!
Iye sayang'ana m'mwamba.
Amatula chigubu, nachotsa kapepala kagolide
kamene mphepo yakamata pa simenti yonyowa,
nagwira chitsulo ndi manja onse awiri,
napopa.