Chigubu Chachitatu

Mpope wa ku Chilenje ukatsokomola folo koloko m'mawa
ndimatuluka ndi zigubu zitatu.
Choyamba n'chakumwa, chachiwiri n'chochapira,
chachitatu sindinena ntchito yake,
poti a Njobvu, eni nyumba, anandifunsapo kale:
"Mayi, madzi kuvuta chonchi,
inu n'kumasungunulira utoto?"

Zaka makumi awiri ndinali wojambula mapu a mapuloti,
mizere yosakhota, yosadontha,
apa m'pa uje, apo m'pa uje,
mpaka ndinayamba kuona malire ndi m'mbale ya ndiwo momwe.
Tsiku lopuma ntchito anandipatsa wotchi yapakhoma.
Ndinakaigulitsa ku Kamwala
n'kugula maburashi atatu
ndi kabokosi ka utoto wouma ngati maswiti.

Pepala ndimayamba ndalinyowetsa.
Utoto wamadzi uli ngati mbuzi ya eni,
ukaikoka ikana, ukaitaya ilowa m'dimba.
Ndinaphunzira mochedwa kudikira kamphindi kaja
pamene pepala silinaume koma laleka kunyezimira.
Kuwala sindikupenta ayi,
ndimangokulambalala
monga tilambalalira mwana wogona pamphasa.

Nsalu ya silika ndimaisaka m'mabelo a salaula ku Soweto,
malaya a azimayi akutali amene sindidzawadziwa.
Ndimasula misoko, ndichapa fungo lawo,
ndikunga nsaluyo pamatabwa ndi mapini
mpaka ilire ndikaigogoda ndi chala.
Kenako phula, mzere woonda wotchinga utoto.
Dzanja lamapu lija limadzuka pamenepa, likudzitama.
Mchere ndimawaza pakadali ponyowa,
uyamwe mtundu, usiye timaso ta nkhanga.
Usiku magetsi atapita kwawo
ndimaikulunga m'nyuzipepala zakale
n'kuifukiza nthunzi pambaula,
makala a ndalama ya buledi akunyeka.

Mwezi watha kunabwera Mayi Siame a ku Kabulonga,
ankafuna mpango wa mitengo ya jakaranda
woti akavale paukwati wa mwana wawo.
Masiku asanu ndi anayi ndili chiweramire.
Koma paphula panatsala kampata,
kochepa ngati diso la singano,
ndipo mtundu wa maluwa uja unapeza njira.
Unatuluka m'nthambi, unalowa m'thambo,
unatsikira mumsewu,
unakafika pankhope ya mayi wootcha chimanga
amene ndinamuika pakona, pafupi ndi minibasi.
Ndinangoti kukamwa yasa, burashi ili m'manja,
mawu a malemu amuna anga ali m'khutu:
madzi akatayika saoleka.

Mayi Siame anaugwira ndi nsonga za zala.
"Izi zatayikira," anatero.
Ndinawabwezera ndalama zawo zonse,
zina zongokongola kwa Velenasi wogulitsa tomato.

Tsopano mpangowo ndi katani wa pazenera langa.
Dzuwa la Okutobala likapendeka limadutsa m'menemo,
mtundu uja n'kugwera pasimenti,
pamapazi anga ong'aluka,
pabilu ya madzi imene sindinalipire.

Dzulo a Njobvu anabwera kudzatenga ya lendi.
Anawerenga kawiri, monga mwa masiku onse,
n'kupinda, n'kuika m'thumba la shati.
Koma sanatuluke.
Anaima m'kuwalako, chipewa chili m'manja.
"Uwu si msewu wopita kuchipatala chachikulu?
Ndinkadutsa m'menemu ndi phala la amake Fatsani.
Maluwa amenewa ankagwera pachivundikiro."
Sindinawauze kuti msewuwo ndinangoupeka.
Anakhosomola, nati denga adzakonza mvula isanagwe,
mawu omwe aja a chaka chatha.

Atapita ndinatsuka maburashi.
Madzi otsalawo sakhala ndi dzina,
si ofiira, si obiriwira, angokhala ngati fumbi la mu Kamwala.
Ndinakawathira pa repu wanga kuseri kwa bafa.
Wamwa mitundu yonse ya m'kabokosi kaja repu ameneyu
koma masamba ake sasintha.
Mawa ndithyolako wa ndiwo,
ndipo mpope ukatsokomola
ndidzayamba kutunga chachitatu.