Mwendo wa Boldo

Dokotala Urrutia anapachika chithunzi pagalasi lowala.
Fupa la mwendo wakutsogolo
linali lofumbwa ngati phaso la nyumba yakale.
"Khansa," anatero, osakweza mawu.
"Tikaudula, mwina miyezi isanu, mwina chaka.
Tikausiya, tsiku lina udzathyoka wokha
akungotsika pakhonde."

Boldo anali pansi pa tebulo, akunyambita nsapato yanga,
osadziwa kuti mlanduwo ndi wake.

Ndinamuuza dokotala za masitepe.
Kwathu ku Valparaíso nyumba zimakwerana pamsana,
ndipo kuchokera pa bekale ya Eleodoro kufika pakhomo panga
alipo makumi asanu ndi anayi kudza atatu.
Galu wa makilo makumi atatu,
ine nkhalamba ya bondo lolira ngati chitseko.
Ndani adzanyamule mnzake?

"Galu sawerenga miyendo, a Aníbal," anatero.
"Owerenga ndinu."

Usiku tulo tinandikana.
Sitima zinkabuula kudoko.
Ndi mwendo umenewu amakanda chitseko m'mamawa.
Ndi womwewu anafukula maluwa a Ermelinda
chaka chija ankadwala,
iye n'kuseka mpaka kutsokomola, ine ndili ndi tsache m'manja.
Ndi womwewu amausanjika pantchafu panga
ndikachedwa kumuponyera mutu wa nsomba.

Mwana wanga Maite, pafoni kuchokera ku Temuco:
"Bambo, musamuzunze."
Koma nkhanza ili mbali iti,
kumpeni kapena kudikira?
Ndipo ndikusungira iye masiku,
kapena ndikungoopa nyumba
yopuma munthu mmodzi?

Cha m'ma folo koloko anadzuka.
Mwendo wodwalawo ataukweza m'mwamba
ngati katundu wa eni,
anatsimphina ndi itatu mpaka pawindo
kukauwa mphaka wa aneba.
Ndinawerenga pazala:
milungu inayi tsopano akuyenda chonchi.
Iye anautsanzika kale.
Woukakamira ndine.

Kutacha ndinakasaina,
dzina langa lokhotakhota ngati la mwana wa sukulu.
Lachinayi, asadye kanthu kuyambira usiku.

Pobwerera ndinagula thaulo lalitali,
ndinamukulunga nalo pamimba, nsonga zake m'manja mwanga,
tiyeseretu.
Masitepe khumi, kupuma. Khumi ena, kupuma.
Pa la makumi anayi tinakhala pansi tonse awiri, wefuwefu,
iye akununkhiza mphepo ya buledi,
ine ndikuyang'ana makumi asanu kudza atatu otsalawo.