Mamita Mazana Awiri

Pepalali analilemba m'Chipwitikizi.
Anandiwerengera ndi Ludovina, wa kalasi yachisanu,
chala chikuyenda pansi pa mzere,
ndipo atafika pa dzina la bambo ake
anameza malovu, n'kulidumpha.

Akuti mamita mazana awiri.
Ku tiribunali ya ku Ulongwe sanandiuze
kuti mita imafupika bwanji kukada.

Ndinayeza ndekha Lachiwiri m'mamawa
ndi mapazi anga omwewa, kuchokera pakhomo:
kudutsa khola la nkhumba la a Nangondo,
mulu wa njerwa zosawotcha,
mjigo unafa uja,
mpaka pamtengo wa pichesi wa a Fulujensiyo.
Mapazi mazana atatu ndi khumi.
Nthiti yakumanzere inkawerenga nane,
iyo siphonya.

Koma Zefelino ndi mmisiri wa nyumba.
Ali ndi tepi yachikasu m'thumba,
yomwe anayezera chipinda chino,
windo ili, ndi chitseko chimene anathyola mu Juni
n'kuchikonza yekha kutacha, akuimba mluzu.
Iye mita amaidziwa.
Madzulo alionse amatsamira njinga yake
kuseri kwa pichesi, phazi limodzi kupitirira malire,
osalankhula, osaponya mwala,
kungosenda nzimbe ndi mpeni
maso ali padenga limene anakhoma.

Ndinapita ku esikwadra kukanena.
Wapolisi wamkazi wa mpata kumano
anandipatsa mpando, nafunsa: Walowa?
Ayi. Wakuopsezani? Ayi, amangodya nzimbe.
Analemba ndithu. Bolopeni inkakana,
anaiuzira mpweya, nalembabe.

Alamu anga anabwera Lamulungu atavala jekete.
Akuti za m'nyumba sapita nazo kuboma,
akuti mbale wawo ndamuvula pamsika.
Ndinawaonetsa chikalata cha kuchipatala,
chija ajambulapo thupi lopanda nkhope
pomwe namwino anaika timitanda:
pansagwada, pamkono, pamimba pawiri.
Anati aiwala magalasi.

Mayi anga nawo akuti: Nanga ife sitinapirire?
Amanena akutafunira tsaya limodzi
monga achitira kuyambira ndili mwana.

Pepalali ndalikulunga m'jumbo ya shuga
kuti lisanyowe ndi thukuta.
Limakhala pachifuwa, pamfundo ya kapulana,
limapita nane kumsika kogulitsa kachewere.
Si mpiringidzo, siliuwa,
silingagwire dzanja lomwe lakwera kale m'mwamba.
Ndikudziwa. Musandiuze.
Koma lili ndi chidindo, lili ndi dzina langa lonse,
Anastanzia Jemusi Kadzamira,
lolembedwa mwaudongo,
popanda maina ena aja
omwe ndinkaitanidwa nawo nyali ikazima.

Kalisito, wamng'onoyu, sadziwa za mita.
Dzulo mpira wake wamajumbo unagubuduka
n'kupitirira pichesi.
Anathamanga, kenako anangoima, nandicheukira.
Bambo ake anautola, naugwira nthawi yaitali,
akuutembenuza ngati akufuna pomwe walakwika,
ndiye anauika pansi, naukankha pang'ono ndi phazi.
Unabwera wokha.
Mwanayo sanaukhudze mpaka kunada.

Usiku wathawu ndagona nditavula nsapato.
Galu wa kwa a Nangondo anauwa kawiri,
ndinadzuka kamodzi kokha.

Pepalali lili ndi tsiku lothera.
Ludovina walilemba ndi khala kuseri kwa chitseko,
chomwe chija,
pamwamba pa msomali watsopano.
Akuti tsikulo likayandikira tibwererenso,
tikakhalenso pabenchi lija kuyambira m'mawa,
ndikanenenso zonse kuchokera pachiyambi
kwa munthu amene mwina adzakhala wina.

Ndasunga kale ya njinga m'chitini cha mchere.

M'mawa uno ndawokera anyezi m'mbali mwa khonde,
mizere itatu yokhotakhota,
sindinakoke chingwe.
Mzimayi wodutsa anandiyang'ana, nayang'ana kupichesi,
nafunsa chapansipansi
kuti ofesi ija amatsegula nthawi yanji.
Anali atakokera duku mpaka padiso.
Ndinamuuza.

Anyezi amatenga miyezi inayi.
Tiona.