Nyimbo Yopanda Chiphaso

Ndine kondakitala wa minibasi yopita ku Comas.
Mawu anga ndinawagulitsa kale kwa msewu,
kuitanira anthu kuyambira mbandakucha
Lima atafunda nkhungu ngati bulangete lonyowa.

Lachiwiri, titaima pa maloboti a kumsika,
wailesi ya Eleuterio, dalaivala wanga, inalavula nyimbo
ndipo chenji cha munthu chinaumira m'dzanja langa.

Inali nyimbo ya azakhali anga a Saturnina,
ija ankaimba poponda mbatata zogonera chisanu
kumapiri a Huancavelica, zidendene zili ng'aa,
ine nditakhala pa thumba, mamina ali chuchuchu.
Koma apa anali ataiveka gitala wamagetsi,
ng'oma za makina, ndi mnyamata wokuwa dzina la bandi yake
pakati penipeni pa ndime,
ngati wodinda chizindikiro pa ng'ombe yakuba.

Ndinati: Mbava izi!
Eleuterio anaseka mpaka kutsamwa.
Iwe, iyi ndi ya kwathu ku Apurímac,
bambo anga ankameta nayo nkhosa,
ndipo mbalame ya m'nyimboyi si njiwa, ndi mpheta.

Mayi wa mtanga wa anyezi anati tonse tikunama:
kwawo imaperekeza maliro a khanda,
mwapang'onopang'ono, ndi zeze yekha.
Mtsikana wa yunifolomu anatikweza nsidze:
akuti ndi yatsopano, yatuluka mwezi wathawu,
anavina Loweruka mpaka nsapato kuduka lamba.

Sitinagwirizane.
Koma pobwera polandizana paja
minibasi yonse inatsegula pakamwa,
mawu anayi osiyana pa njira imodzi,
njiwa ndi mpheta pa nthambi yomweyo,
wolira ndi wovina akupumira pamodzi.
Ngakhale bambo wa tayi, amene anadzudzula phokoso pokwera,
ndinamuona chala chikugogoda pa chikwama.

Ndili mwana ndinawafunsa azakhali: anaipeka ndani?
Anati: Ndinaitola panjira,
ngati kamwala kolowa m'nsapato.
Sufunsa mwini wake, umangoyenda nako.

Anamwalira opanda chithunzi ndi chimodzi chomwe.
Lero ndiwo awa, mphindi zitatu,
pakati pa malonda a sopo ndi a mankhwala a chifuwa.

Madzulo ndalama zinaperewera.
Anthu awiri anatsika osalipira ine ndikuimba.
Eleuterio anati adula pa malipiro anga,
kenaka anaimba mluzu, nyimbo ija,
n'kuikhotetsa kumapeto
momwe azakhali sakanalola.