Dzina pa Mtanda

Mayi Pillay akuti nyumba ikuwapanikiza,
siling'i yawatsikira ngati chivundikiro cha poto.
Masanasana amayatsa babu,
ndipo magetsi a ku Joni mukuwadziwa,
amachoka osatsanzika.

Choncho Lolemba tinakwera makwerero ku Kensington,
ine ndi Lemani, mwana wa mlongo wanga.
Tinagwetsa siling'i yonse.
Fumbi la zaka makumi asanu ndi limodzi
linatilowa m'kolala, m'mano,
pamodzi ndi zisa za nkhunda
ndi nyuzipepala ya Chibunu
yofiirira ngati fodya wa m'chigafa.

Injiniya anabwera atavala nsapato zoyera.
Musadule mtanda wogona, anatero,
musanaike wina pamwamba.
Ndinangomwetulira.
Yogonayi ndiyo imagwira makoma m'chiuno.
Ukaidula mwaphuma
denga limakhala pansi ngati ng'ombe yotopa,
makoma n'kuthawira kwa aneba.

Mtanda watsopano tinaukweza anthu asanu ndi mmodzi:
ife awiri, Mzimbabwe, anyamata awiri a ku Tete,
ndi mdala wothirira maluwa pakhomopo,
aliyense akubuula m'chiyankhulo cha kwawo.
Mabawuti khumi ndi awiri.
Mapaso onse anapeza potsamira.

Lachinayi, sowo ili m'manja,
pa mtanda wachitatu kuchokera ku chumuni
ndinaona zolemba za pensulo, zopendekera kumanzere:
Yotamu Kalilangwe, Dedza, Nyasaland, 1959.
Pansi pake masamu a mainchesi,
kenako mawu awiri okha:
mvula yayandikira.

Ndinazimitsa sowo.
Malume, mwadzicheka? anafunsa Lemani.
Iyayi.

Kodi unayamba watsikira kumgodi, Yotamu,
kenako n'kuthawira kumwamba kuno
kuti dzuwa likuotcheko msana?
Unakwera sitima yobwerera
ndi njinga, ndi bulangeti la mkazi wako,
kapena ndiwe mmodzi wa matchona
ogona m'dothi lofiira la kuno popanda mwala?
Misomali yako sinapindike ndi umodzi womwe.
Ndinalimbana nayo mpaka matuza.

Koma ntchito ndi ntchito.
Ndinadula, kusiya chikhatho uku, chikhatho uku,
dzina lili pakati.

Lachisanu tinaboola malata, tinagoneka galasi.
Kuwala kunagwa kamodzi n'kamodzi, ngwee,
utuchi n'kuyamba kuvina m'mwamba.
Mayi Pillay anagwira pakamwa.
Kani jakaranda wawo yemweyo ali ndi msonga,
anali asanauonepo ali khale pampando.
Madzulo matalala anabwera kudzayesa ntchito yathu.
Anagogoda, anagogoda, anabwerera.

Wopenta asanafike ndinakweranso ndekha.
Pamsana pa mtanda watsopano, pomwe bulashi sifika,
ndinalemba langa, ndi mudzi, ndi chaka.
Mawu owonjezera anandisowa,
ndinangoika nambala ya foni, kenako ndinadziseka.

Tekisi ya ku Rosettenville inadzaza mpaka pakhomo,
chidutswa cha thabwa chikundibaya nthiti m'chikwama.
Chipinda changa chili kuseri kwa galaja,
sitepe zinayi m'litali, zitatu m'lifupi,
zenera palibe.
Landilodi akuti ndikaboola khoma ndilipira.

Ndakuika pashelefu, Yotamu,
pakati pa pasipoti ndi botolo la mafuta ophikira.
Magetsi apitanso.
Lemani akufufuza machesi mumdima,
ndipo pamalata apa
mvula ija wanena yafika.